Nkhupakupa pa galu wotola: dibi, lamba, madontho kapena piritsi?

Galu wosowa mwini sachita kuitanidwa. Amayamba n'kugona kuseri kwa bafa, ana n'kumamuponyera mikute, pofika sabata yachitatu wayamba kuuwa alendo ngati wobadwira pakhomopo. Ena ndi aja a pamsika, odziwa nthawi imene wachiwaya amataya zotsala. Mukasuzumira m'khutu mwake mupeza nkhupakupa zitandandana, zina zitakhuta n'kutupa ngati njere za nsatsi. Walira mvula walira matope: mwalandira galu, mwalandiranso zimene wabwera nazo.

Kusitolo ya mankhwala a ziweto adzakupatsani chimene chili pashelefu tsiku limenelo. Ndi bwino kukafika kumeneko mukudziwa kale chimene chikuyenera galu wanuyo. Maganizo anga ndiwanene pano pomwe: kwa galu wotola, dzina la mankhwala limabwera pambuyo. Choyamba n'chakuti galuyo amalola kugwiridwa kapena ayi, ndiponso ngati inuyo mwezi wamawa mudzabwereze.

Chimene tikuthawa

Nkhupakupa zikachuluka zimamaliza magazi a kagalu kakang'ono, koma chimene chimapha agalu ambiri ndi tizilombo timene zimalavulira m'magazi poyamwa.

Koopsa kwambiri kuno kummwera kwa Africa ndi Babesia rossi. Kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaphwanya, monga mmene kachilombo ka malungo kamachitira mwa munthu, ndipo tiwiriti ndi tapachibale. Kanaonedwa koyamba mu 1910 m'magazi a nkhandwe ku Kenya. Nkhandwe zimayenda nako osadwala, koma galu kangathe kumugwetsa m'masiku ochepa. Amatentha thupi, amasiya kudya, nkhama zimayera ngati pepala kapena kuchita chikasu, mkodzo n'kufiira ngati tiyi wopanda mkaka. Amene munakhalako ku South Africa mwina munamva madokotala a ziweto akuti biliary. Ndi matenda omwewa. Kamafalitsidwa ndi nkhupakupa yachikasu yotchedwa Haemaphysalis elliptica, imene imadikirira m'maudzu.

Nkhupakupa yofiirira, Rhipicephalus sanguineus, ndiyo ya pakhomo. Imanyamula Babesia vogeli, kamene sikaopsa kwambiri kupatula kwa tiagalu, ndiponso bakiteriya wotchedwa Ehrlichia canis. Uyu amadya galu mwakachetechete. Galu amaonda kwa miyezi, mabala sauma msanga, tsiku lina n'kungoyamba kamfuno kosaleka. Ehrlichia anapha agalu ambiri a asilikali a ku America pa nkhondo ya ku Vietnam, makamaka a mtundu wa German Shepherd, ndipo mpaka lero mtundu umenewu ndiwo umavutika nawo kwambiri. Palinso Hepatozoon canis, kamene galu amakatenga pomeza nkhupakupa akamadzinyambita kapena kudziluma poyabwa.

Izi si za kunja kokha. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anayeza magazi a agalu 209, oweta ndi osowa eni, m'mizinda ikuluikulu itatu ya Malawi. Agalu 93 anapezeka ndi kachilombo kamodzi kapena kuposerapo, ndipo kochuluka kuposa tonse kanali Babesia rossi, pafupifupi mwa galu mmodzi pa anayi alionse.

Galu wam'misewu amene wakula nkhupakupa zikumuluma nthawi zambiri amayenda ndi tizilomboti akuoneka wabwinobwino. Amagwa akakumana ndi njala, bere kapena matenda ena. Amene ali pangozi yaikulu ndi galu wanu wa kumpanda amene sanakumanepo nato, komanso ana a galu.

Pali mfundo ziwiri zimene zimalamula kusankha konse. Yoyamba ndi nthawi. Babesia amafuna kuti nkhupakupa ikhale itakakamira tsiku limodzi kapena awiri asanalowe m'magazi, pamene Ehrlichia angalowe m'maola atatu okha. Ndiye mankhwala opha nkhupakupa italuma kale amatseka bwino njira ya Babesia koma ya Ehrlichia saitseka yonse. Yachiwiri ndi malo. Nkhupakupa yofiirira imakhala pagalu masiku ochepa chabe. Moyo wake wambiri ili m'ming'alu ya khoma, pansi pa chiguduli chogonera, ngakhale kudenga. Yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 4,000, ndipo zazikulu zimatha miyezi yambiri osadya.

Zodzifunsa musanatulutse ndalama

Kodi galuyo amagwirika? Ngati ayi, njira zinayi mwa zili m'munsizi zagwa kale. Musakakamize. Galu amene mbiri yake simuidziwa angakhale ndi chiwewe, ndipo chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa chiwewe akhale pamndandanda wanu limodzi ndi mankhwala a nkhupakupa. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kwaulere kuyambira 2015, ndipo kwina alangizi a ziweto amalengeza masiku a katemera.

Kodi amalemera bwanji, ndipo ndi wa msinkhu wanji? Pafupifupi mankhwala onse amayendera makilogalamu. Ngati amanyamulika, imani naye pasikelo, kenako imani nokha n'kuchotsera. Kagalu mungakapime m'thumba pa sikelo yopachika ya ogula soya.

Ndani winanso ali pakhomopo? Mphaka, akalulu oweta, mwana wokwawa, munthu wodwala shuga: aliyense wa awa amachotsa njira imodzi.

Nanga pachaka zikwana zingati? Botolo lotchipa lofuna kubwereza sabata iliyonse ndi piritsi lodula la miyezi itatu siziyerekezedwa ndi mtengo wa tsiku logula. Mitengo ya makwacha sindiilemba, chifukwa mankhwala onsewa ndi ochokera kunja. Kwacha ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha pashelefu chinasuntha, ndipo ndalama zakunja zikasowa mankhwala ena amangosowa nawo. Ndingonena chimene chimachepa ndi chimene chimakwera poyerekeza ndi chinzake.

1. Kusambitsa ndi dibi

Awa ndi mankhwala osungunula m'madzi. Odziwika kwambiri ndi amitraz, ogulitsidwa m'mayina monga Triatix ndi Taktic.

*Mtengo.* Palibe njira yogula imene imatchipa kuposa iyi. Kabotolo kamodzi kamasambitsa agalu angapo kambirimbiri, chifukwa pa ndowa ya madzi mumangothira pang'ono.

*Kupezeka.* M'masitolo a zaulimi m'maboma ambiri muli dibi, chifukwa oweta ng'ombe ndi mbuzi amamufuna. Apa ndi pamene pagona ubwino wake ndi vuto lake lomwe: botolo limene mupeze nthawi zambiri linalembedwera ng'ombe.

*Ntchito yake.* Ndi yolemetsa. Galu anyowe thupi lonse, m'makutu kunja kwake, m'khwapa, pakati pa zala, kunsi kwa mchira, ndipo musamutsukuluze, aume nawo. M'dzinja mubwereze sabata iliyonse kapena masabata awiri, malinga ndi zolembedwa pabotolo, ndipo mvula ikamuvumba tsiku lotsatira mphamvu yachepa. Osakanizidwa kale sasungika. Mawa lake mukonze atsopano. Ambiri amayamba ndi changu mu Disembala, pofika Febuluwale ndowa ija akusungiramo makala.

*Zoopsa.* Zambiri zimachokera pa kuyeza ndi maso. "Kachivundikiro kamodzi" si muyeso, gulani sirinji. Amitraz akachuluka galu amawodzera, amadzandira, thupi limazizira ndipo mtima umagunda pang'onopang'ono. Mukaona zimenezi musambitseni ndi sopo n'kuthamangira kwa dokotala, popeza mankhwala obweza poizoniyu alipo. Si wa mphaka, si wa tiagalu ting'onoting'ono, si wa agalu a mtundu wa Chihuahua, si wa galu wofooka kale. Munthu wodwala shuga asagwire ntchitoyi chifukwa amitraz amakweza shuga m'magazi. Madibi ena a ng'ombe, monga okhala ndi chlorfenvinphos, ndi aukali kwambiri; ngati pabotolo sanatchulepo galu, funsani mlangizi wa ziweto musanatsegule. Ndipo chonde, musagule dibi wopungulidwira m'botolo la zakumwa. Simudziwa mphamvu yake, ndipo mwana akaliona adzayesa chakumwa.

2. Lamba wa m'khosi

*Mtengo.* Lamba weniweni, monga Seresto amene ali ndi imidacloprid ndi flumethrin, amafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, koma amagwira mpaka miyezi 8. Mukagawa pa miyeziyo, kawirikawiri amachepa kuposa madontho kapena mapiritsi. Malamba otchipa a m'masitolo a katundu wosiyanasiyana ambiri amangonunkha mankhwala, nkhupakupa zili phee m'makutu.

*Kupezeka.* Kwa madokotala a ziweto ndi masitolo ochepa a m'mizinda. Ambiri amachita kuitanitsa kwa abale a ku Johannesburg. Achinyengo alipo ochuluka pa intaneti, kachitini kake kofanana ndendende ndi kenikeni. Chikomekome cha mkuyu. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani.

*Ntchito yake.* Yochepa zedi. Mumange kuti zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi khosi, dulani chotsala, lembani tsiku. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mankhwala ali pakhungu ndi paubweya, motero nkhupakupa zambiri zimafa kapena kugwa zisanayambe kuyamwa. Pa nkhani ya Ehrlichia uja wa maola atatu, lamba wabwino amaposa piritsi.

*Zoopsa.* Kwa galu woyendayenda, vuto lalikulu si mankhwala koma lambayo. Amakodwa mu waya wa mpanda, amaduka agalu akamalumana m'nyengo yokwerana, ndipo anthu amavula. Kagalu kamene kakukula, mukakaiwala miyezi iwiri, lamba amalowa m'mnofu. Ena amachita zilonda m'khosi. Vulani mukaona khungu likufiira. Malamba a amitraz, monga Preventic, amapha nkhupakupa bwino kwa miyezi pafupifupi itatu koma ndi poizoni galu akatafuna n'kumeza chidutswa. Mwana asamasewere nawo. Chabwino chimodzi chimene sichilembedwa pakachitini: galu wovala lamba amaoneka kuti ali ndi mwini, ndipo anyamata a malegeni amayamba aganiza kaye.

3. Madontho a pamsana

*Mtengo.* Wapakati pa kugula kamodzi, koma ndi wa mwezi ndi mwezi, ndiye pachaka umakwera. Fipronil, amene dzina lake lotchuka ndi Frontline, tsopano amapangidwa ndi makampani ambiri pamtengo wocheperapo.

*Kupezeka.* M'mizinda.

*Ntchito yake.* Mphindi imodzi. Patulani ubweya pakati pa mapewa mpaka khungu lioneke, finyirani pakhungupo. Mankhwalawa amayenda ndi mafuta a pakhungu, choncho musamusambitse masiku awiri musanaike ndi masiku awiri mutaika. Galu wosambira mudambo tsiku ndi tsiku, kapena wosambitsidwa ndi sopo wochapira, amawataya msanga.

*Zoopsa.* Fipronil amachedwa kupha, ndipo m'mayiko ena nkhupakupa yofiirira yayamba kumupirira. Amapha akalulu oweta. Madontho okhala ndi permethrin, monga Advantix, amathamangitsa nkhupakupa zisanalume, zomwe ndi zabwino, koma amapha mphaka, ngakhale mphaka wongogona pafupi ndi galu amene wangoikidwa kumene. Kunena zoona, kwa galu wamkulu wotola njira iyi sindiiika patsogolo. Pamene fipronil alibe mnzake ndi pa tiana: wopopera wake amaloledwa pa tiagalu ta masiku awiri kupita m'tsogolo, msinkhu umene mankhwala ena onse ndi oletsedwa.

4. Mapiritsi otafuna

Awa ndi atsopano; anayamba kugulitsidwa cha mu 2013 ndi 2014. Bravecto ali ndi fluralaner, NexGard ali ndi afoxolaner, Simparica ali ndi sarolaner. Mankhwala amalowa m'magazi, nkhupakupa ikayamwa imafa.

*Mtengo.* Wokwera kuposa njira zonse, ndipo umakwera ndi kulemera kwa galu. NexGard ndi Simparica ndi a mwezi umodzi. Bravecto ndi wa masabata 12, ngakhale kuti ku Ulaya malangizo ake amati pa nkhupakupa yofiirira ndi masabata 8. Popeza yofiirirayo ndiyo yodzadza m'makomo mwathu, musadabwe mukaziona zikubwerera mwezi wachitatu usanathe.

*Kupezeka.* Kwa madokotala a ziweto m'mizinda ikuluikulu, ndipo amatha. Yang'anani tsiku lothera mphamvu, makamaka ngati achokera m'chikwama cha munthu.

*Ntchito yake.* Apa ndi pamene piritsi limasiya zinzake kutali. Ndi njira yokhayo yothandizira galu amene simungamugwire. Ikani m'kachidutswa ka nyama, kapena m'mbamu ya nsima yopaka msuzi wa usipa, muponyereni ali ndi njala, n'kuima pompo mpaka ameze. Bravecto amalowa bwino m'thupi akadyera limodzi ndi chakudya. Mvula, dambo, sopo, palibe chimene chimachotsa. Kuyeza nakonso n'kosavuta chifukwa mapiritsi amabwera m'magulu: a Bravecto ndi a makilogalamu 2 mpaka 4.5, 4.5 mpaka 10, 10 mpaka 20, 20 mpaka 40 ndi 40 mpaka 56, ndipo agalu athu akuluakulu a m'midzi ambiri amagwera mu 10 mpaka 20. Chowonjezera china chimene chimandikopa: mankhwalawa amaphanso nthata ndi tizilombo ta mphere. Galu wam'misewu wosupuka ubweya, wa khungu lokakala ngati la ng'ona, piritsi limodzi limamugwirira ntchito zitatu.

*Zoopsa.* Nkhupakupa iyenera kuluma kaye. Zimafa Babesia asanalowe, koma Ehrlichia angapeze mpata. Agalu ena amasanza kapena kutsegula m'mimba. Mu 2018 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti mankhwala a gulu limeneli angayambitse kunjenjemera, kudzandira kapena kugwa khunyu mwa agalu ena. Ndi zosachitikachitika, koma galu amene munamuonapo akugwa musamupatse musanafunse dokotala. Sapatsidwa kwa tiagalu tosakwana masabata 8 kapena makilogalamu 2. Podyetsa gulu, samalani ndi galu wankhanza uja amene amalanda za anzake. Akameza atatu, ndalama zapita ndipo awiri atsala opanda kanthu.

5. Manja ndi mthuthu

*Mtengo.* Ulere.

*Kupezeka.* Manja muli nawo. Mthuthu, umene ena amati ombwe, alimi ambiri anaudzala wobwezeretsa chonde m'nthaka.

*Ntchito yake.* Ya tsiku ndi tsiku, ndipo apa pali nzeru yake: popeza Babesia amafuna tsiku kapena awiri, munthu wozula nkhupakupa madzulo alionse akudula njira ya matendawo ndithu. Gwirani pamutu penipeni, pafupi ndi khungu, ndi kachopanira kapena zala zokutira pulasitiki, kokani pang'onopang'ono osapotokola. Musaiwotche ili pagalu, musaithire parafini ili pagalu. Mukaizula iponyeni pamoto kapena m'kabotolo ka parafini. Yokhuta mukaitaya pansi mwadzala mazira. Mthuthu amasinja masamba, kuwaviika usiku wonse, kusefa n'kusambitsa.

*Zoopsa.* Tiana ta nkhupakupa ndi tating'ono ngati njere za mawere, ndipo tambiri mudzatiphonya. Musaziphwanye ndi zikhadabo. Nkhupakupa za agalu zimanyamulanso bakiteriya odwalitsa anthu malungo a nkhupakupa. Mthuthu mphamvu yake siyezeka. Akatswiri anapeza kuti mitengo ina ya mthuthu m'Malawi ilibe n'komwe mankhwala ophera tizilombo, chonsecho imafanana ndi inzake. Wamphamvuwo umatha msanga padzuwa, ungasanzitse galu akaunyambita, ndipo umapha nsomba, ndiye madzi ake asapite kumtsinje.

6. Zimene anzanu adzakuuzani

Jakisoni wa ivermectin ndi wotchipa ndipo ali m'sitolo iliyonse ya zaulimi. Pa njoka zina za m'mimba ndi mphere amathandiza, m'manja mwa wodziwa muyeso. Pa nkhupakupa amagwetsako zina kwa masiku ochepa, basi. Amene ali m'masitolowo ndi wa ng'ombe, ndipo akachuluka amachititsa khungu ndi kukomoka, makamaka mwa tiagalu ndi agalu a magazi a Collie. Oyilo wakuda wa galimoto, parafini, mankhwala opopera udzudzu, fumbi loteteza chimanga kwa anankafumbwe: zonsezi n'zosavuta kupeza, ndipo zonse zimathera m'mimba mwa galu chifukwa galu amadzinyambita.

Pogona pake

Njira iliyonse mwasankha, ngati khoma la khola lili ndi ming'alu, nkhupakupa zidzabwerera ndipo inu mudzati mankhwala ndi abodza. Otchani chiguduli chakale. Matani ming'alu. Poperani mankhwala a nkhupakupa pansi, m'makoma mpaka kumwamba, popeza yofiirira imakwera, galu ali kwina mpaka pouma, n'kubwereza pakatha masabata awiri kuti mupeze zoswedwa kumene. Tchetchani udzu. Nkhuku zisiyeni zizitolatola pabwalo, zimadya nkhupakupa, koma osati tsiku lopopera.

Ngati wadwala kale

Palibe njira ngakhale imodzi mwa zili pamwambazi imene imachiza. Zimapha nkhupakupa, kachilombo kamene kali kale m'magazi sizikakhudza. Tukulani mlomo wa galu muone nkhama. Zikhale zofiirira ngati za munthu wathanzi. Zikayera kapena kuchita chikasu, galu akukana ngakhale nyama, thupi latentha kupitirira madigiri 39.5, ameneyo ndi wa kwa dokotala lero. Dibi pa galu wotereyu angamumalize.

Kuyeza kwake n'kosavuta: kadontho ka magazi a kunsonga kwa khutu, pagalasi, pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo Babesia amaoneka m'mphindi zochepa. Ehrlichia saoneka kawirikawiri mwanjira imeneyi, ndiye dokotala amayang'ana zizindikiro kapena kuyeza mwina. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre cha BSPCA, ku Lusaka sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Zambia, kuphatikiza zipatala za madokotala oima paokha. Kumudzi yambirani kwa mlangizi wa ziweto.

Pa Babesia mankhwala odziwika ndi awiri. Diminazene, amene ambiri amamudziwa kuti Berenil, ndi wotchipa, amapezeka paliponse pali ng'ombe, ndipo amagwira msanga ndi jakisoni mmodzi. Koma taonani masamu ake. Kapaketi ka magalamu 2.36 n'ka ng'ombe ya makilogalamu 300. Galu wa makilogalamu 15 amafunika gawo limodzi mwa magawo 20 a kapaketiko. Mukapyola pang'ono, mankhwalawa amawononga ubongo: patapita tsiku kapena atatu galu amayamba kudzandira, kuuma khosi, kugwa, ndipo ambiri sabwerera. Saloledwanso kubwereza masiku 21 asanathe, ngakhale galu akuoneka kuti sanachire. Kwa galu wotola pali funso limene palibe angayankhe: kodi wina sanamubaye kale sabata yatha? Safunsa anadya phula. Imidocarb, wogulitsidwa ngati Imizol kapena Forray 65, ndi wodulirapo ndi wosowa, amapweteka pobaya, amachititsa dovu ndi kusanza kwa kanthawi, ndipo nthawi zambiri amabwerezedwa pakatha masiku 14, koma muyeso ukapyola pang'ono saopsa ngati diminazene. Onse awiri ndi a dokotala, galu atakwera pasikelo. Magazi akachepa kwambiri jakisoni yekha sakwanira. Pamafunika kuwonjezera magazi, ndipo izi zimatheka m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Ehrlichia amamva doxycycline, tsiku lililonse kwa masiku 28, ndi chakudya. Mankhwalawa ndi otchipa; chovuta ndi munthu. Galu amadzuka pa tsiku lachitatu, mwini n'kusiya pa lachisanu ndi chiwiri, bakiteriya n'kubisala. LA wa anthu si mankhwala a matendawa ngakhale afanane ndi malungo, ndipo Brufen amaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso.

Ndiye mutenge iti?

Galu wamkulu amene mwamulandira kumene, wofatsa, wodzadza nkhupakupa, mwina ndi mphere: musungeni payekha kutali ndi agalu anu, ayezedwe magazi, abayidwe katemera wa chiwewe, kenako piritsi limodzi kuti muyambire poyera. Nkhupakupa zikatha mungasinthire ku njira yotchipa. Ndalama zazikulu zigwe pa mwezi woyambawo.

Galu amene amadya panu koma salola dzanja: piritsi m'chakudya. Ina palibe. Ngati thumba lingakwanitse kawiri kokha pachaka, mupatseni mvula ikamayamba, n'kubwereza cha mu Febuluwale.

Kumudzi, agalu anayi a ulenje, ndalama zochepa, onse ogwirika: amitraz woyezedwa ndi sirinji, tsiku limodzi lokhazikika pasabata, ndi manja masiku enawo. Awa ndiwo amayenda m'maudzu a nkhandwe, kumene kuli Babesia rossi, ndiye nkhama muzizisuzumira pafupipafupi.

German Shepherd kapena galu wina wa kumpanda amene tsopano akukhala ndi wotola: lamba weniweni, chifukwa Ehrlichia ndiye mdani wake. M'nyumba mukabuka nkhupakupa zambiri, dokotala angakuuzeni kuphatikiza lamba ndi piritsi kwa miyezi ingapo.

Pakhomo pali mphaka: permethrin ndi amitraz asalowe. Pali mwana wokwawa amene amakumbatira galu: piritsi, chifukwa silisiya kanthu paubweya.

Tiagalu totola m'ngalande, maso angotseguka kumene: manja, ndi fipronil wopopera ngati apezeka, pang'ono monga mwa muyeso, tikhale pofunda ndi popita mphepo mpaka tiume. Tikayera nkhama, kwa dokotala. Magazi ake ndi ochepa kwambiri moti nkhupakupa zokha zingatiphe.

Gulu la pamsika kapena pasukulu, agalu khumi opanda wowayang'anira: mapiritsi a onse mwezi ndi mwezi palibe angawakwanitse yekha. Yambani ndi aakazi oyamwitsa ndi aja osupuka ubweya, poperani pamene amagona, ndipo funsani a LSPCA, a BSPCA kapena ofesi ya ziweto ya m'boma lanu za tsiku la katemera ndi kutseka mabere, kuti pa tsiku limene agaluwo adzagwidwe, mankhwala a nkhupakupa mudzakhale mutawanyamula.